Trivia: Mawu a Chingerezi Amene Adabadwira pa Mphambano

Lero ndapatukako pang'ono pa njira yathu ya masiku onse kuti tikambirane za mawu amodzi a Chingerezi, ndipo chifukwa chake muchimva posachedwa.

Pa tchuthi chapitachi kudabwera kuno kumudzi mdzukulu wanga wamkazi amene ali Folomu 3. Tsiku lina chakumadzulo, tikuchokera kokazonda matenda kutsidya kwa mtsinje, tidafika pa mphambano pamene njira ya kudambo imasiyana ndi ya kumsika. Pamenepo padali phale losweka, timizu tingapo ndi kandalama kachitsulo. Mwanayo adawerama kuti atole kandalamako, ine n'kumugwira dzanja. Ndidamufotokozera kuti makolo athu ankaletsa kutola kanthu pa mphambano, pakuti ndi pamene odwala ankakasambira mankhwala usiku ndi kutayapo zotsala zake, pokhulupirira kuti nthendayo itsala pomwepo ndipo wotola ndiye aisenze. Iye adaseka, nati: "Agogo, zimenezo ndi trivia basi. Sizibwera pa mayeso."

Ndisaname, mawuwo adandilasa mumtima. Ndidaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ndimadziwa kuti mwana akanena kuti chinthu sichibwera pa mayeso ndiye kuti wachiponya kudzala. Komabe akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. M'malo mopsa mtima, ndidatsegula bokosi langa la mabuku akale kuti ndifufuze kumene mawu achilendowa adachokera. Zimene ndidapeza zidandiseketsa ndekha pakhonde: mawu amene mwanayo adanyozera nawo mwambo wa pa mphambano, tanthauzo lake loyambirira ndi mphambano yomweyo.

Mawu akuti trivia Angerezi adachita kubwereka ku Chilatini, chiyankhulo cha Aroma akale. Ali ndi nthambi ziwiri: tri, kutanthauza zitatu, ndi via, kutanthauza njira kapena msewu. Malo amene njira zitatu zakumana Aroma ankawatcha trivium, ndipo malo otere akachuluka ankati trivia. M'mizinda yawo, pa mphambano ndi pamene pankasonkhana anthu wamba: ogulitsa timalonda, akapolo otumidwa ndi ambuye awo, alendo ofunsa njira, ndi aulesi ofuna womwa naye mphepo. Nkhani zokambidwa pamenepo zidali zomwe aliyense ankazidziwa kale. Choncho padabadwa mawu ena akuti trivialis, ndiye kuti cha pa mphambano, chopezeka paliponse, chawamba. Ife kuno timati nkhani za pachitsime kapena za m'misika, ndipo sitizitenga ngati za pabwalo la mfumu. Aroma nawonso ankasiyanitsa motero.

Koma musaganize kuti Aromawo ankangoipeputsa mphambano. Ankaiopanso. Mulungu wawo wamkazi wotchedwa Diana adali ndi dzina lina loti Trivia, mwini mphambano, ndipo ankamufanizira ndi Hecate wa Agiriki, amene anthu ankamusiyira chakudya pa mphambano mwezi uliwonse, pa usiku wa mdima mwezi watsopano usanaoneke. Chaka ndi chaka Aroma ankachitanso chikondwerero chotchedwa Compitalia, cholemekeza mizimu yosunga mphambano za m'midzi ndi m'mizinda. Onani tsono kuti phale losweka lija silidali lachilendo pa dziko lapansi. Anthu amene sadaonanepo ndi makolo athu adaona chimodzimodzi kuti pamene njira zasiyana pali kanthu: ndi malo opanda mwini, opitapo wabwino ndi woipa yemwe, ndipo munthu akalakwitsa pamenepo amakatulukira kumene sadalinge.

Tsopano tilowe m'kalasi, kumene ine ndidakalambira. M'zaka za m'ma 400 kudali mlembi wina wa kumpoto kwa Africa, Martianus Capella, amene ankakhala ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia. Iye adalemba buku lofanizira maphunziro asanu ndi awiri ndi anamwali asanu ndi awiri obwera pa ukwati, aliyense akufotokoza luso lake. Bukulo lidawerengedwa m'masukulu a ku Ulaya kwa zaka mazana ambiri. Maphunziro anayi mwa amenewa, ndiwo masamu owerengera, kuyeza malo ndi maonekedwe a zinthu, nyimbo, ndi za nyenyezi, katswiri wa ku Roma dzina lake Boethius, amene adaphedwa cha m'ma 524, adawatcha njira zinayi, dzina limene lidakhazikika kuti quadrivium. Atatu otsalawo adadzatchedwa trivium, njira zitatu, m'nyengo ya mfumu Charlemagne, amene adavekedwa chisoti cha ufumu waukulu m'chaka cha 800, ndipo mphunzitsi wa kunyumba kwake adali Alcuin wa ku York.

Njira zitatuzo zidali izi: galamala, ndiye malamulo a chiyankhulo, luso la kulingalira mwadongosolo, kuti mfundo ibale inzake popanda kudzitsutsa, ndi luso la kuyankhula pagulu mogwira mtima. Mnyamata aliyense wofuna kudzakhala wansembe, woweruza kapena sing'anga ankayamba ndi zitatuzi asanakhudze china chilichonse. M'mayunivesite akale monga a ku Paris ndi ku Oxford, amenewa ndiwo adali maziko. Ku Germany sukulu zoyambira zophunzitsa zimenezi zinkatchedwa Trivialschule, ndipo ku Sweden trivialskola. Nditawerenga zimenezi ndidazindikira kuti ine ndemwe, moyo wanga wonse, ndidali mkulu wa sukulu ya mtundu umenewu, yophunzitsa ana a, e, i, o, u pa bolodi ndi pa dothi.

Ndikaganizira bwino, makolo athu pabwalo la milandu ankafuna zitatu zomwezi. Nkhoswe yosadziwa kusankha mawu, yosatha kulondoloza mfundo, kapena yoyankhula mosalemekeza bwalo, inkagwetsa mlandu wa mbale wake ngakhale mbaleyo ali wolungama. Njira zitatuzo sizidali zachabe ayi. Zidali khomo lolowera m'nyumba.

Nanga zidatani kuti mawu olemekezeka chonchi agwe pansi? M'Chingerezi cha zaka za m'ma 1400, mawu akuti trivial ankatanthauza za maphunziro atatu aja. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, tanthauzo lachiroma lija la chinthu chawamba lidalowa, ndipo posakhalitsa mawuwo adayamba kutanthauza chinthu chochepa, chosafunika kuchiganizira. William Shakespeare adawagwiritsa ntchito motero m'sewero lake la Hamlet, lolembedwa cha m'ma 1600. Ine monga mphunzitsi sindidabwa kuti matanthauzo awiriwa adagwirizana msanga. Munthu akakwera makalasi amaiwala amene adamugwira dzanja polemba chilembo choyamba. Wa Sitandade 8 amaseka wa Sitandade 1, wa ku sekondale amaseka wa ku pulayimale, ndipo chimene aliyense adayambira chimaoneka chopepuka chifukwa choti aliyense amachidziwa. Paja adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ngakhale zidali choncho, akatswiri ena adawasungira ulemu mawuwa. M'chaka cha 1753, Carl Linnaeus wa ku Sweden adatulutsa buku lake lalikulu la mayina a zomera, Species Plantarum. Kale chomera chinkadziwika ndi chiganizo chachitali cha Chilatini, chovuta kuloweza. Iye adapatsa chomera chilichonse mayina awiri okha, la mtundu ndi lachiwiri lalifupi, ndipo lachiwirilo adalitcha nomen triviale, dzina la tsiku ndi tsiku. Chimanga chathuchi adachitcha Zea mays, ndipo mays ndilo dzina lachiwirilo. Kadzina kamene kadayamba ngati kongothandizira kukumbukira ndi kamene lero akatswiri a zomera ndi nyama pa dziko lonse amadalira kuti amvane. Zaka makumi angapo Linnaeus asanatero, m'chaka cha 1716, mlakatuli wa ku England John Gay adalemba ndakatulo yaitali yotchedwa Trivia, potengera dzina la mulungu wamkazi uja. Nkhani yake idali ya kayendedwe ka pansi m'misewu ya London: nsapato ndi chovala choyenera nyengo, kupewa matope ndi ngolo, ndi kuchenjera ndi opisa m'matumba.

Tanthauzo limene mdzukulu wanga amalidziwa ndi la posachedwa. M'chaka cha 1902, Logan Pearsall Smith, mlembi wobadwira ku America koma wokhala ku England, adasindikiza kabuku ka timaganizo tatifupitifupi pa zinthu zazing'ono za moyo, n'kukatcha Trivia. Kadatulukanso kokulitsidwa mu 1917, ndipo kadathandiza kuti mawuwa azolowereke monga dzina la tinthu ting'onoting'ono. Kenaka m'chaka cha 1965, ophunzira awiri a pa yunivesite ya Columbia ku New York, Ed Goodgold ndi Dan Carlinsky, adayambitsa mipikisano yofunsana mafunso a zimene ankamva pa wailesi, kuonera pa kanema ndi kuwerenga m'timabuku ta zithunzi ali ana. Mu 1966 adatulutsa buku la mafunso otere, ndipo lidagulidwa kwambiri. Chimene chidandikhudza n'chakuti anyamatawa ankakana kuti trivia ndi mfundo iliyonse youma yongoloweza. Kwa iwo zidali zikumbutso za ubwana, zimene anthu a msinkhu umodzi akakumbutsana amamva kuti ndi amodzi.

Pamenepa ndidakumbukira madzulo a kwathu, moto uli lawilawi, wina n'kufuula kuti "Chilape!" ife tonse n'kuyankha kuti "Nachize!" Akati nyumba yopanda khomo, wochenjera ankathamangira kunena kuti dzira. Palibe amene adalandirapo satifiketi ya zilape, koma m'menemo ndi m'mene tidaphunzirira kuona chinthu chimodzi m'maonekedwe a china, ndipo mpaka lero ndikakumana ndi nkhalamba inzanga, chilape chimodzi chimatibwezera ku ubwana.

Masewera a mafunsowa adasanduka chuma chambiri. Mu Disembala 1979, ku Montreal m'dziko la Canada, atolankhani awiri, Chris Haney ndi Scott Abbott, adafuna kusewera Scrabble koma adapeza kuti tizidutswa tina tasowa. Adaganiza zopanga masewera awoawo, ndipo adawatcha Trivial Pursuit, ndiye kuti kulondola zinthu zazing'ono. Adayamba kugulitsidwa mu 1981, m'bokosi muli mafunso 6,000, ndipo m'chaka cha 1984 chokha mabokosi oposa 20 miliyoni adagulidwa. Chaka chomwecho mlembi wina wa mabuku a trivia, Fred Worth, adawasumira kukhoti kufuna madola 300 miliyoni, ponena kuti adakopera mafunso m'mabuku ake. Umboni wake udali wochititsa chidwi. Iye adaika dala bodza limodzi m'buku mwake ngati msampha, loti wapolisi wa m'sewero la pa kanema, Columbo, dzina lake loyamba ndi Philip, ndipo bodzalo lidapezeka m'masewera aja. Komabe adaluza mlandu, pakuti khoti lidagamula kuti mfundo yoona ilibe mwini, aliyense angathe kuitola. M'chaka cha 2008 kampani ya Hasbro idagula umwini wa masewerawa ndi madola 80 miliyoni. Zinthu zotchedwa zazing'onozo zidafika pamenepo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma ndingakhale wosaona mtima ndikakuuzani kuti zazing'ono zonse ndi zofunika. Zilipo zachabechabe zenizeni, ndipo zimadya nthawi ya zinthu zazikulu. Katswiri wa mbiri yakale wa ku Britain, C. Northcote Parkinson, adafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1957, pa mfundo imene imadziwika kuti lamulo la zinthu zazing'ono. Adapereka fanizo la komiti ya zachuma yokhala ndi nkhani zitatu. Yoyamba ndi yomanga chimakina cha mphamvu ya nyukiliya cha ndalama zankhaninkhani: imavomerezedwa pa mphindi ziwiri ndi theka, chifukwa ambiri saimvetsa ndipo akuopa kuonetsa umbuli. Yachiwiri ndi kachisakasa koimikamo njinga za antchito: amakangana mphindi 45, chifukwa aliyense amadziwa malata ndi misomali. Yachitatu ndi khofi womwa pa misonkhano: amathera nthawi yoposa ola, n'kuimitsa nkhaniyo kuti adzaipitirize tsiku lina.

Nditawerenga fanizoli ndidachita manyazi, chifukwa zidandichitikira ine ndemwe. M'zaka zanga zoyambirira za uhedi, pa sukulu ina ya kumudzi imene sindiitchula, tidaitanitsa msonkhano wa komiti ya makolo mvula ili pafupi. Nkhani zidali zitatu: mng'alu umene udaoneka pa khoma la chipinda cha Sitandade 1, mtundu wa malaya a timu ya mpira wamanja, ndi amene adzaphike pa tsiku lotsekera sukulu. Za mng'aluwo tidangoti tidzaitana mmisiri adzaone, ndipo palibe adafunsa kuti liti kapena ndalama zichokera kuti. Za malaya tidakangana mpaka dzuwa kupendeka, ena akufuna obiriwira, ena achikasu. Za ophika zidatsala pang'ono kudanitsa midzi iwiri. Ine amene ndinkalemba zokambirana ndi kusunga nthawi sindidabweze anthu ku nkhani yoyamba, pakuti nanenso ndidali ndi maganizo anga pa malayawo. Mvula ya mu Januwale itabwera, khomalo lidagwa. Mwayi wake lidagwa usiku wa Loweruka, m'chipindamo mulibe mwana. Ana aang'onowo adaphunzirira pansi pa mtengo mpaka chaka kutha, ndipo ena, makamaka a kutali, adaleka kubwera. Malaya achikasu tidagula, ndipo ankaoneka bwino kwambiri. Mpaka lero ndikaganiza kuti khomalo likadagwa Lolemba m'mawa, tulo timandithawa.

Cholakwa chathu pa tsiku lija chidali chakuti tidasinthanitsa mayina. Mng'alu, poti udali wopyapyala ngati ulusi, tidauyesa kanthu kakang'ono, ndipo malaya, poti ankaoneka ndi maso a mudzi wonse, tidawayesa nkhani yaikulu. Kukula kwa chinthu m'maso ndi kulemera kwake pa moyo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mawu akuti trivial amapusitsa munthu amene sadasiyanitse ziwirizi.

Kwa inu amene muli pa sukulu, nawu kagwiritsidwe ntchito kake koyenera. Trivia ndi dzina la zinthu: timfundo tating'onoting'ono, kawirikawiri tosangalatsa kudziwa, monga tofunsidwa pa mipikisano ya mafunso. Trivial ndi mfotokozi: nkhani, cholakwa kapena ndalama ingathe kutchedwa motero ikakhala yochepa, yosayenera kudetsa nkhawa. Palinso mneni wakuti trivialise, ndiye kupeputsa kapena kuchepsa chinthu chimene chili chachikulu, ndipo kawirikawiri amanenedwa podzudzula. Akatswiri a masamu akati yankho ndi trivial satanthauza kuti ndi lolakwa, koma kuti ndi loonekeratu, losafuna thukuta. M'Chichewa tili ndi mawu angapo pamene Mngerezi ali ndi amodzi, ndipo sitiwasokoneza. Zazing'ono ndi zochepa msinkhu chabe, zingathe kukhala zofunika. Zawamba ndi zopezeka paliponse, monga mchere. Zachabechabe ndi zopanda pake ndizo zotayidwa. Nkhambakamwa ndi zoyankhula zopanda mchitidwe. Musanamasulire trivia, yambani mwadzifunsa kuti mwa anayiwa mukunena ati.

Tsono ndikuyankhe iwe mdzukulu wanga, pakuti ndikudziwa kuti uwerenga zimenezi pa foni yako. Udanena zoona kuti za pa mphambano sizibwera pa mayeso, ndipo sindikukuuza kuti ukhulupirire kuti nthenda imadumphira munthu kuchokera pa kandalama. Ukadwala upite kuchipatala. Koma taona kuti m'kati mwa chiletso chija mudali nzeru yoti mwana asamagwire zotayidwa ndi odwala, ndiponso asamatole chimene sadziwa mwini wake. Ndipo ngakhale nzeruyo ikadapanda kukhalamo, ndi mbiri ya anthu ako, ya mmene ankaganizira pamene kudalibe chipatala pafupi. Aroma adalemba zawo, n'chifukwa chake lero ine nkhalamba ya kumudzi ndikutha kukuuza dzina la mulungu wawo wa pa mphambano patapita zaka 2,000. Zathu zili m'mitu ya anthu amene akutha mmodzimmodzi.

Ukadzabweranso pa tchuthi, udzatenge kope ndi cholembera, udzakhale pansi ndi agogo ako aakazi. Udzawafunse kusiyana kwa mphale, gaga, mgaiwa ndi ufa woyera. Udzawafunse chifukwa chake mvula yoyamba imatchedwa chizimalupsa, ndi mmene asodzi a kunyanja amasiyanitsira mwera ndi mpoto. Udzawafunse zilape zimene ankaponyerana ali atsikana, ndipo udzalembe mayankho ake. Ukafuna kulemba pachikuto pa kopelo kuti Trivia, ine sindidzakwiya, pakuti tsopano tonse awiri tikudziwa kuti dzinalo ndi la mphambano, ndiponso la maphunziro oyamba amene ena onse amatsamirapo. Safunsa adadya phula, ndipo agogo akowo maso ayamba kuchita chidima koma mutu ukadali wakuthwa. Usachedwe.

Sabata ya mawa, Mulungu akalola, tidzabwerera ku miyambi yathu. Ndatha ine gogo wanu.